Gulu Likataya Woimba Wake: Mbiri ya Black Missionaries

Nkhani yathu ya lero ichokera mu mzinda wa Blantyre, ndipo iyamba ndi mkangano umene sunathebe ngakhale papita zaka zoposa makumi awiri. Mukakhala pa bawo kwa Chinseu ku Ndirande, kapena pometera tsitsi ku Bangwe, kapena mu minibasi yochokera ku Machinjiri kulowa m'tauni, wailesi ikangoika nyimbo ya Black Missionaries salephera kupezeka munthu wopukusa mutu nanena kuti gulu limeneli linatha tsiku limene anamwalira Evison Matafale. Salepheranso kupezeka wina womuyankha kuti pakadapanda ana a Fumulani, bwenzi dzina la Matafale litaiwalika kale. Ine ndaumva mkanganowu kawirikawiri, ndipo ndaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Tsono tiyeni tiilondole mbiriyi kuchokera kumene inayambira.

Choyamba tigwirizane chinthu chimodzi. Gulu la oimba likasintha woimba ng'oma kapena woimba gitala, ambiri a ife sitizindikira msanga. Koma likasintha mwini mau, ngakhale mwana amadziwa. Mau ndiwo nkhope ya gulu, makamaka kwa ife amene oimba timawadziwira pa wailesi tisanawaone ndi maso.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Gulu la AC/DC la ku Australia, loimba nyimbo zaphokoso za chamba cha rock, linataya woimba wake Bon Scott mu Febuluwale 1980 mu mzinda wa London, ali ndi zaka 33. Anzake anaganizapo zosiya, koma kenaka anatenga munthu wina wa ku England, Brian Johnson, ndipo mu Julaye chaka chomwecho anatulutsa chimbale chotchedwa Back in Black, chimene chikuto chake chinali chakuda bii posonyeza maliro. Chimbale chimenecho ndi chimodzi mwa zimbale zimene zagulidwa koposa pa dziko lonse. Kwa anansi athu ku Zambia zinthu zinayenda mwina. Gulu la WITCH, limene linagwedeza Kitwe ndi Lusaka ndi nyimbo za rock m'zaka za m'ma 1970, woimba wake Emmanuel "Jagari" Chanda atachoka kukachita za uphunzitsi, linasiya magitala aukali aja nkuyamba nyimbo za disiko. Amene anamva chimbale cha Lazy Bones cha 1975, nadzamva Movin' On cha 1980, akhoza kulumbira kuti ndi magulu awiri osiyana. A ku Australia anasintha woimba nasunga kaimbidwe kao. A ku Zambia anasintha zonse natsala ndi dzina lokha. Gulu lathu la ku Chileka silinatsate njira ya awa kapena ya awo, ndipo linakumana ndi tsoka lotere kawiri m'zaka zisanu ndi chimodzi.

Wina afunsa kuti, nanga Chileka ndi Ndirande zikugwirizana pati? Yankho lake ndi lapafupi. Nyimbozi zinabadwira ku Chileka, koma zinakulira m'makomboni a Blantyre. Mseu wochokera ku bwalo la ndege umadzera pa Kameza ndi ku Chirimba, kulambalala Machinjiri, nkudzalowa m'tauni. Ndipo mseu umenewo ndiwo unanyamula makaseti, oimba ndi mbiri yao. Amene anayamba kugula makasetiwo, kuwaliza m'maminibasi ndi kudzaza malo a zoimbaimba anali anyamata a ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe: oitanira minibasi, ogulitsa kaunjika, okhoma zidebe, ndi ena ochuluka amene anamaliza sukulu nasowa ntchito.

Mudzi wa Singano ku Chileka unali wodziwika pa zoimba Matafale asanayambe nkomwe. Kumeneko ndiko kwao kwa malemu Daniel Kachamba, katswiri wa gitala amene anatisiya mu 1987, ndi mng'ono wao Donald, amene anamwalira mu Januwale 2001. Ku Chileka komweko ndiko kunachokera a Robert Fumulani ndi gulu lao lotchedwa ndi dzina la mtsinje wa Likhubula, limene nyimbo zake akuluakulu a lero anakula akuzimva pa wailesi ya MBC. Evison Matafale, amene anabadwa mu 1969, anali mbale wa banja la a Fumulani. Motero pamene anadzatulukira, sanatulukire pa thengo.

Chimene chinali chachilendo ndi uthenga wake. Kumbukirani kuti m'nthawi ya chipani chimodzi mwamuna wosunga tsitsi lalitali anali kulakwira lamulo, ndipo Mrasta analibe malo oonekera. Zinthu zitasintha mu 1994, nyimbo za reggae zinasefukira m'dziko muno. Kwakukulu zinali za ku Balaka, kumene a Paul Banda ndi mng'ono wao Lucius anakonza kaimbidwe kofewa, kotsamira pa limba la magetsi, kamene kanali ndi fungo la kwaya ya kutchalitchi. Nyumba zoulutsira mau zinachulukanso: Radio 2 ya MBC inatsegulidwa mu 1997, ndipo Power 101 ndi Capital FM zinatsatira posakhalitsa. Pakati pa zonsezi, mu 1999, panamveka chimbale chotchedwa Kuimba 1, chimene Matafale anajambula mothandizidwa ndi gulu la Wailing Brothers la anyamata a kwa Chokani.

Amene munalipo mukumbukira m'mene nyimbo ya "Watsetsereka" inalowera m'makwalala. Mau a Matafale sanali osalala ayi. Anali akuthwa, okwera, onjenjemera pang'ono ngati a munthu amene wasunga nkhani nthawi yaitali ndipo akuopa kuti nthawi yoinenera imuthera. Ankaimba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo Baibulo linali pa nsonga ya lilime lake, makamaka mabuku a aneneri. Iye sankadziona ngati wosangalatsa anthu. Ankadziona ngati wotumidwa, ndipo dzina limene anapatsa gulu lake likuchitira umboni: amishoni akuda, obweretsa uthenga kuchokera kwa eni dziko, osati kuchokera kutsidya kwa nyanja monga anachitira amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa Blantyre mu 1876.

Atatulutsa chimbale choyambacho anadwala nasowa kwa kanthawi. Atapezako bwino anasonkhanitsa abale ake, ana a Robert Fumulani, ndiwo Musamude, Anjiru ndi Chizondi, pamodzi ndi anzao ena monga Peter Amidu woimba gitala ya besi, nakhazikitsa Black Missionaries. Mu 2001 anatulutsa Kuimba 2, m'mene muli nyimbo ya "Yang'ana Nkhope". Chaka chomwecho, nyumba zitalizitali za ku New York zitagwetsedwa pa 11 Sepitembala, iye anapeka "Time Mark", poona zochitikazo ngati kukwaniritsidwa kwa malemba. Otsatira ake anayamba kumutcha mneneri.

Chaka cha 2001 chinali chowawa. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, mtengo wa chakudya unali kukwera mwezi ndi mwezi, ndipo njala imene inadzapha anthu kumayambiriro a 2002 inali itayamba kale kununkha. Pa ndale, nkhani inali yakuti mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Bakili Muluzi, aimenso kachitatu. Matafale sanakhutire ndi kuimba kokha. Analemba kalata yodzudzula mtsogoleriyo ndi boma lake m'mau osapsatira, ndipo apolisi anamumanga mu Novembala, iye akudwala, namutengera ku Lilongwe. Pa 27 Novembala, 2001, anamwalira ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32. Ofufuza amene boma linasankha ananena kuti anafa ndi chibayo. Anthu ochuluka m'makomboni sanakhulupirire, ndipo ambiri sakhulupirirabe. Akulu akale anati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Zimbale ziwiri zokha, basi.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yathu. Anyamata amene anatsala anali achichepere, ndipo anthu ankawadziwa ngati oyankhira ndi oimba zida kumbuyo kwa Matafale. Njira zinalipo zitatu. Akadatha kubalalika, aliyense nkuyamba zake. Akadatha kufunafuna munthu wina wa mau ofanana ndi a malemuyo, monga achitira magulu ena, kuti azingobwereza nyimbo zakale. Iwo anasankha njira yachitatu, imene kwa ife Amalaŵi si yachilendo: anachita monga tichitira pa ufumu, pamene mwini dzina akagona, wina wa m'banja momwemo amalowa dzina. Musamude Fumulani anaima kutsogolo. Ndipo chimbale chao chotsatira sanachipatse dzina latsopano. Anachitcha Kuimba 3.

Chiganizo chimenechi cha kupitiriza kuwerenga ndimachiona ngati chanzeru koposa zonse zimene gululi linachita, komanso cholemetsa koposa. Chinali chanzeru chifukwa wogula kaseti kwa O.G. Issa ku Limbe, kapena kwa mnyamata wa pamsika wa Ndirande, ankadziwa kuti akugula mutu wachitatu wa buku limene analiyamba kale. Chinali cholemetsa chifukwa chimbale chilichonse chatsopano chinayenera kuimikidwa pafupi ndi ziwiri zoyamba zija ndi kuyezedwa nazo. Woimba wina aliyense amayezedwa ndi anzake amoyo. Ana a Fumulani anadziika poti aziyezedwa ndi munthu wakufa, amenenso imfa yake inamuonjezera ulemu umene wamoyo sangaufikire.

Musamude sanayese kukhala Matafale, ndipo apa ndi pamene anapambanira. Mau ake anali ozizira, odandaula, okoka pang'onopang'ono. Pamene Matafale ankaloza chala, Musamude ankagwira pamtima. M'nyimbo za zaka zimenezo mumamveka maliro, ndipo anthu amene anali ndi mkwiyo pa imfa ya mneneri wao anapeza polirira. Tisaiwale kuti zaka zimenezo matenda a Edzi anali kupulula anthu m'makomboni, kotero kuti panalibe nyumba ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni imene sinadziwe njira ya kumanda. Nyimbo yachisoni yokhala ndi ng'oma yovinika inali mankhwala a nthawi yake.

Pamodzi ndi mau, nkhani za m'nyimbo zinasinthanso. Mulungu ndi malemba sizinachoke ayi, koma panalowa za chikondi, za banja, za miseche ya pamudzi, za bwenzi losakhulupirika. Apa ine ndimamva magazi a bambo wao, a Robert Fumulani, amene ankaimba za moyo wa tsiku ndi tsiku. Limba la Chizondi linayamba kumveka kwambiri, gitala ya Takudziwani Chokani inkalira mokometsera, ndipo kaimbidwe kameneka ndiko anthu anadzakatcha reggae ya ku Chileka posiyanitsa ndi ya ku Balaka. Chinthu china chimene otsutsa saonetsetsa ndi ichi: m'nthawi ya Musamude ndi m'mene amayi ndi anthu achikulire anayamba kubwera ku zoimba za gululi. Kale zinkaoneka ngati za anyamata a tsitsi lopota okha. Dzina lachidule loti Ma Blacks linafala pakamwa pa aliyense, ndi agogo omwe.

Ndiye tsoka linagogodanso. Mu Sepitembala 2007 Musamude anamwalira, akali mnyamata. Mwezi wotsatira Lucky Dube, amene Amalaŵi ankamukonda ngati wao, anaphedwa ndi achifwamba ku Johannesburg. Chaka chotsatira, 2008, mbale wao wina, Gift Fumulani, amenenso anali woimba wodziwika payekha ndipo ankayenda ndi gululi, anatsikira kuli chete. Ndikukumbuka kuti masiku amenewo anthu m'maminibasi ankalankhula za gululi ngati za nyumba imene denga lagwa kale, kwangotsala kuzula mitengo.

Anjiru Fumulani ndiye analowa dzina. Mwa atatuwa, iye ndiye wanyozedwa koposa, ndiponso ndiye wasenza katunduyu nthawi yaitali koposa. Matafale anatsogolera gululi osakwana zaka ziwiri. Musamude pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Anjiru wapitirira zaka khumi ndi zisanu. Mau ake ndi opepuka, ofatsa, opanda ukali wa woyamba uja kapena kulira kwa wachiwiri. Nyimbo monga "Dalo" zinakondedwa m'maukwati ndi m'malo omwera, ndipo otsutsa anati: taonani, amishoni asanduka oimba za chikondi.

Mlandu umenewu uli ndi choonadi chake, ndipo sindiubisa. Zimbale za Kuimba zapitirira khumi, koma mwa zotsirizazi ndi zochepa zimene munthu angati zinagwedeza dziko kapena kuopsa wolamulira aliyense. Kaimbidwe kakhala kofanana kuchokera chimbale china kufika china, kotero kuti nthawi zina umayamba wamva mau ndipo uzindikira kuti nyimboyi ndi yatsopano. Ukali uja wa 2001 sunabwerere.

Koma woweruza wachilungamo ayenera kufunsanso chimene chinasintha kunja kwa gululo. M'masiku a Matafale woimba ankadya za makaseti. Pofika nthawi ya Anjiru malonda amenewo anali akugwa, pakuti anyamata a makompyuta m'misika ya Ndirande ndi Limbe ankathira nyimbo mazanamazana pa kakhadi ka m'foni pa mtengo wa botolo la zakumwa, mwini nyimbo osalandirapo kanthu. Chotsala chinali ndalama ya pakhomo. Tsono gulu limene chakudya chake chichokera pakhomo la holo liyenera kuimba Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, lero ku Mzuzu, mawa ku Kasungu, sabata yamawa ku Mangochi kapena ku Mulanje, ndipo liyenera kuvinitsa anthu mpaka tambala woyamba. Munthu amene walipira pakhomo atatopa ndi ntchito ya sabata yonse sabwera kudzamva buku la Danieli lokha. Nyimbo zinafewa chifukwa woimba anasintha, inde, komanso chifukwa njira yopezera nsima inasintha. Ndipo pa ntchito imeneyi ya kuyendayenda, ndi magulu owerengeka m'mbiri ya dziko lino amene angafanane ndi Ma Blacks. Omvera a ku Karonga, Mchinji kapena Nsanje amene simunafikepo ku Chileka, ambiri a inu munawaona ndi maso pa boma panu pomwepo. Afikanso kwa Amalaŵi okhala ku South Africa.

Anjiru anachitanso china chimene chimaoneka chaching'ono. Sanafune kuti katundu yense akhale pa mau a munthu mmodzi, poti anaona kawiri chimene chimachitika mwini mauyo akagwa. Pa zoimba zao mpata umagawidwa. Chizondi amachoka pa limba nkuimbako, ndipo msuweni wao Anthony Makondetsa, amene ali ndi zimbale zakezake ndi omutsatira akeake, amakhala ndi nthawi yake yonse pa nsanja. Abale ena achinyamata amatsegulira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu limene linayamba ngati la mneneri mmodzi linasanduka la fuko.

Sikuti m'fukomo munalibe ming'alu. Patapita zaka, Takudziwani Chokani ndi mbale wake Paul, woimba ng'oma, anachoka kukadzutsanso Wailing Brothers, gulu lija linathandiza Matafale pa chimbale choyamba. Odziwa gitala anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa. Koma unyinji unapitirira kudzaza malo a zoimba monga kale, zimene zikutsimikiza mfundo tinayamba nayo ija, kuti khutu la anthu limatsata mau.

Nanga tsono mkangano wa pa bawo uja tiugamule bwanji? Amene amati gulu la Matafale linatha mu 2001 sakunama. Gulu limene linkaopsa akuluakulu, limene nyimbo yake inkamveka ngati chenjezo, linapita naye kumanda. Chimene chinatsala ndi gulu lina la dzina lomwelo, magazi omwewo, ndi ntchito ina. Koma taganizani za oimba ena aluso a zaka zimenezo amene anamwalira opanda owalowa dzina. Nyimbo zao zimamveka mwa apo ndi apo pa pologalamu ya nyimbo zakale, wina akazipempha. Za Matafale zimaimbidwa ndi zida zamoyo, pamaso pa anthu, pafupifupi sabata iliyonse, chifukwa Musamude ndi Anjiru sanaleke kuziika pakati pa zao. Ine ndimaona kuti kufewa kumene otsutsa amadana nako ndiko kwasunga gululi ndi moyo, ndipo gululo ndilo lasunga ukali wa Matafale kuti uzimvekabe. Iye mwini akadakondwa nazo kapena ayi, ndi funso lina. Munthu amene analemba kalata ija sindiganiza kuti anali wokhutira msanga.

Mwezi wa Novembala ukafika, banjali limachititsa mwambo wokumbukira Matafale, Musamude, Gift ndi ena a m'banjamo amene anatsogola. Amayamba ndi mapemphero ndi kukaona manda kwa Singano, kenaka zoimba zimachitikira pa bwalo, kawirikawiri la Gadaga ku Chileka komweko, ndipo pakhomo salipiritsa. Tsiku limenelo maminibasi a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amasiya njira zao nalunjika ku Chileka, ena amakwera malole, ndipo a ku Machinjiri ndi Chirimba ena amangoyenda pansi dzuwa lili pamutu. Mukayang'ana m'khamulo muona kuti ochuluka ndi ana amene mu 2001 anali asanabadwe. Anjiru akayamba "Watsetsereka" amangoimba mzere woyamba, nkuloza chimkuzamau kwa anthu, ndipo iwo amaimaliza okha.